Tsiku limene ndinasendeza mpando wa bambo a Tadala

Kukhala kuti manyazi amapha, bwenzi pano mukundiimbira nyimbo za maliro. Koma poti ndili moyo, lekani ndiulule ndekha, anthu a ku Kanjedza asanathiremo mchere wawo.

Ndimadwala khunyu. Kwathu dzina limeneli satchula. Amangoti "chizungulire chija". Malemu amuna anga, bambo a Tadala, ndiwo ankandiyendetsa pagalimoto kulikonse, ndipo ndiwo ankandikumbutsa mankhwala m'mawa uliwonse, kapu ya madzi ili m'manja. Atamwalira anandisiyira mwana mmodzi ndi kagalimoto koyera. Laisensi ndinali nayo kuyambira ndili mtsikana (musandifunse kuti pafomu paja ndinayankha zotani), koma adokotala anachita kundiyang'ana m'maso: "Mayi, chiwongolero ayi, mpaka titaona kuti mwatha nthawi yaitali osagwa."

Kagalimotoko kanangokhala pabwalo, mphaka wa aneba n'kupezapo pogona. Loweruka lililonse ndinkaliza injini kuti batire lisathe mphamvu, nditakhala pampando umene mwini wake anausiya chakumbuyo, poti anali wamtali. Miyendo yanga siinkafika n'komwe pamabuleki.

Ndiye kunagwa maliro ku Namiwawa, kwa mayi wina wa mpingo wathu, ndipo amayi tinapangana zokapepesa Lachinayi. Ulendo wina nditapita kunyumba imeneyo wapansi, mlonda anandiimika pageti n'kundiuza kuti wantchito wa m'nyumba analemba kale. Mawuwo anandikhala pamtima. Ndinati ulendo uno geti lomwelo anditsegulira lonse, sawatcha pamwamba.

Tsoka ilo, sabata imeneyo mpingo unali pa kusala kudya, osalawa kanthu, ngakhale madzi, kufikira madzulo. M'mawa ndinkatenga piritsi lija, kuliyang'ana, n'kudzifunsa: kodi chodutsa pakhosi si chakudya? Ndinkalibweza m'botolo, n'kumati ndimwa madzulo ndikadya. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Madzulo akakwana ndinkaiwala, poti wondikumbutsa uja anali atagona kumanda.

Lachinayi ndinavala bulauzi yanga yoyera ya amayi a mpingo, duku nditamanga mwaluso, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinasendeza mpando uja kutsogolo. Unalira ngati ukukana. Tadala, yemwe anali Fomu 2, anaima pakhomo atabereka chikwama cha kusukulu.

"Amayi, mwamwa mankhwala?"

"Iwe, anabereka mnzake ndani pakati pa iwe ndi ine? Thamanga, uchedwa."

Ndinakatenga mayi Makwinja, mlembi wa gulu lathu, omwe za matenda anga sankadziwa kalikonse. "Mayi a Tadala, kani mumayendetsa!" anatero pokwera. "Lero mwatichotsa manyazi." Anayambitsa nyimbo pompo, ine n'kumavomera, kumva kukoma.

Tisanafike n'komwe pamsewu waukulu wa ku Limbe, ndinamva kafungo ka waya wopserera. Kafungo kameneko ndimakadziwa. Sikachokera mu injini ayi. Ndi mmene kugwa kwanga kumagogodera kusanalowe. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati ndingofika pamthunzi apo.

Ndinatsitsimuka nditagona pafumbi, tsaya lili pakabichi. Galimoto inali italowa m'benchi la mayi wogulitsa masamba, tomato ali mbwee mpaka m'ngalande. Mwayi wake, mayiyo anali atapita kukatunga madzi owaza masamba ake. Kampando kamene amakhalira kanali kataphwanyikira kunsi kwa tayala.

Anthu anali atandizinga, koma chapatali, ena atatseka mphuno ndi nsalu. "Musayandikire!" anakuwa bambo wina. "Akatulutsa mpweya mutengera!" Mayi Makwinja, mlomo ukuchucha magazi, anali atagwira supuni yobwereka patiyirumu yoti andiike m'kamwa, koma nawonso akuopa kusendera (bola anaopa, munthu wakugwa samuika kanthu m'kamwa, amangomugoneka cham'mbali). Siketi yanga inali itanyowa, ndipo sanali madzi a masamba.

Amene anandigwira anali mayi wa tomato yemweyo. Anavula chitenje chake chapamwamba n'kundifunditsa m'chiuno. "Mchemwali wanga nayenso amagwa," anandinong'oneza. "Dzukani pang'onopang'ono, amayi, musawaone anthuwa." Apo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni, kumene ndinakulephera ngakhale pamaliro a amuna anga.

Ku Namiwawa sindinafike. Mlonda uja mpaka lero sadziwa kuti ndili ndi galimoto.

Nditabwerako kuchipatala kumene ananditengera, Tadala sanandikalipire. Anakhuthulira botolo la mankhwala patebulo, n'kupatula mapiritsi anayi amene anayenera kukhala m'mimba mwanga. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amayi, kumanda kwa adadi ndimapita ndi inu. Nanga kwa inu ndizidzapita ndi ndani?"



Makiyi tsopano amasunga ndi iye. Ndimakwera minibasi, kupanikizana anayi anayi ngati anthu onse, ndipo ndikasala kudya piritsi ndimameza ndithu, Mulungu sanadandaulepo. Koma ndisakunamizeni kuti mtima unaphunzira. Loweruka ndimawapemphabe makiyiwo kuti ndilize injini, ndipo ndikagwira chiwongolero manja amayabwa. Tadala amaima pawindo mpaka nditazimitsa. Mpando uja ndinaubwezera kumbuyo, pamene anausiya bambo ake, kumene miyendo yanga siifika.