Masilinda Awiri a Malemu a Hiraiwa

Malemu a Tokuji Hiraiwa, makaniko a kumunsi kwa minda ya tiyi aja, kuwerenga kwawo kunkathera pa ziwiri. Injini ya masilinda awiri ankaitcha banja: silinda ina bambo, ina mayi. Chaka chimene tigalimoto ting'onoting'ono tinayamba kubwera ndi masilinda atatu, mkuluyu anadwala nazo mutu sabata yathunthu.

"Wachitatuyu akudzatani m'nyumba ya eni ake?" ankafunsa atasuzumira m'boneti. "Chibwenzi chimenechi. Pitani nayo kwina."

Kagalimoto kawo anakagula chaka chomwe anakwatira mayi Sumie, ndipo mayiwo mpaka lero sadziwa kuti mwa awiriwo anayamba kufunsiridwa ndani. Kanali kakang'ono koti munthu wamtali ankachita kukavala ngati jekete. Kankamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, ndiye utsi wake musanene. Kakangolira pa-pa-pa m'mawa, amayi a mumsewumo ankathamangira kukaanula zovala.

"A Hiraiwa, tofu wanga akumveka oyilo," anadandaula tsiku lina a Kuroda a pagolosale, amene ankagulitsa chakudya cha soya chimenechi.

"Ndiye kwezani mtengo. Ndakuthirirani mafuta ulere."

Injini ikadwala, a Hiraiwa ankaigunditsa kamtengo kodyera mpunga, mbali inayo ali nayo pakhutu. "Bambo ali bwino. Amene akwiya ndi mayi."

"Mukunena ine?" ankatero mayi Sumie ali pakhomo.

"Ndikunena injini, mayi."

"Ndiye muifunse bwino chimene mwailakwira."

A Hiraiwa ali gone m'chipatala, nkhawa yawo inali ya Obon, masiku amene mizimu imabwera kudzacheza kwawo. Abale amabaya timitengo tinayi pa nkhaka kuti ikhale hatchi yoti malemu akwerepo.

"Zaka makumi asanu ndili ndi galimoto, ine ndidzakwere nkhaka?" anatero ndi mawu otha kale mphamvu. "Mudzanditenge kumanda pa galimoto, mayi. Mwamva?"

Mayi Sumie analonjeza akuseka, kenako anatuluka kukalirira pakhonde. A Hiraiwa anatisiya chisanu chisanathe.

Obon itafika, mayi anavundukula kagalimoto kaja, nasakaniza mafuta monga ankaonera. Kanalira ndithu, koma motsimphina, pa, kenako zii, kenako pa. A Kuroda anabwera ndi kamtengo kawo, namvetsera nthawi yaitali ngati akudziwapo kanthu.

"Silinda imodzi yafa, mayi. Zida zake zinasowa kalekale, malemu ankachita kusula okha."

"Yafa iti?"

A Kuroda anangoyang'ana pansi.

Mayi ananyamukabe, nyali yolandirira mzimu ili pampando wa pambali. Poyala kanayenda, ngakhale njinga zinkakapitirira. Pachitunda cha kumanda kanafooka, kananjenjemera, nkuzima. Anayesa katatu. Kachitatu anangokhala atagwira chiwongolero, mtima ukuwawa kuposa tsiku la maliro, mpaka a Kuroda anadzakakoka ndi chingwe.

Madzulo ake anasankha nkhaka yowongoka bwino, naibaya timitengo tinayi, naiimika patsogolo pa chithunzi cha amuna awo.

"Pepani bambo, ndayesetsa," anatero. "Kwerani yomweyi. Imodzi payokha chitunda chikuikanika."

Masiku ano mumsewu muja m'mawa mumangoti zii. Tofu wa a Kuroda akumveka tofu, zovala zikuuma zoyera mbee, ndipo palibe amene akukondwa nazo.