Kalavani Imene Ndinaipindira Pamsana

Tsekani wailesiyo, ndipo inu a Banda ikani foniyo pansi mundiyang'ane. Ndamva zimene mwakhala mukuuza anthu kutchalitchi, zoti kalavani yanga ija ndinachita kugula pa intaneti n'kungoipaka penti. Ine Kamwendo, kugula? Munalipo? Amene akukayika anene pompano, m'nyumba mwanga muno, asakanenere m'galimoto pobwerera ku Leeds.

Ine ndinagwira ntchito m'chipatala kuno ku Sheffield zaka zambiri, kunyamula odwala, ena olemera ngati ngolo ya fetereza, mpaka tsiku lina msana unangoti phwa! osawongokanso. Ndinkayenda chopindika, moti anthu onse a mumsewu wathu uno ndinkawadziwira nsapato. Adokotala anandiuza kuti, "Bambo Kamwendo, musadzanyamulenso chinthu cholemera kuposa ketulo." Ketulo! Ine!

Ntchito itatha choncho, mkazi wanga, mayi a Tadala, amene ndi namwino, anayamba kulowa mashifiti ophatikiza, miyendo kutupa ngati mitondo. M'mawa wina akuvula nsapato pakhomo apo anati, "Abambo, chibwerere dziko lino sindinagonepo kwina, koma pano ndi pampando wa m'wodi. Anzanga amapita kunyanja kukapuma." Sanandinyoze ayi, anangonena n'kupita kukagona. Koma mawuwo anandibaya kuposa msana. Mwamuna wamtundu wanji wongokhala pawindo kuwerenga mabasi, mkazi akutha ngati sopo? Ndinalumbira kuti ndiwapangira kanyumba kokoka ndi galimoto, kaja kozungulira kutsogolo, kosongoka kumbuyo ngati dontho la msozi, m'kati mongokwana matiresi a anthu awiri.

Neba wanga, mzungu wokalamba wotchedwa Derek, anandipatsa matayala ndi zitsulo za ngolo yake yakale, ine n'kupeza mapulayiwudi, n'kulowa m'galaja. Kuimirira sindikanatha, ndiye ndinagona chagada pasimenti, sowo ndinaigwira ndi zala za kumapazi, misomali ndinaidzaza m'kamwa n'kumailavula umodziumodzi mwamphamvu moti inkalowa yokha m'thabwa mpaka kumutu, hamala inkangobwera kudzaona ngati zili bwino, ndipo chimpira chachikulu chija anandipatsa mayi wa mafizo kuti ndizigudubuzikapo ndinachisandutsa jeke yokwezera ngolo yonse. Mukumva? Ululu ukandiluma ndinkakuwa, ndipo kukuwa kwake mathiramu, masitima aja oyenda mumsewu, ankaima kumunsi kwa phiri, madalaivala kupatukira pambali poganiza kuti kukubwera ambulansi.

Mukuseka chiyani, a Banda? Inu amene munalephera kulumikiza kabati ya m'sitolo, yobwera ndi zithunzi zake, mpaka munaitana mlamu wanu kuchokera ku Manchester?

Tsono denga. Anthu ena amagula mapulani kuti apeze kupindika kuja. Ine ndinangogona chammbali pa pulayiwudi, n'kuuza Derek kuti azungulize pensulo kutsatira msana wanga, kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ndipo mzere umene unatuluka unali wokongola moti mkuluyo anavula chipewa. Kenako ndinanyowetsa thabwa la denga, n'kulisenza pamsana, n'kuima nalo masana onse, ndipo msana unkatentha ndi ululu mpaka thabwalo linafuka nthunzi, n'kufewa ngati mbatata yophika, n'kupindika lokha kutsatira mafupa anga, guluu n'kuumiratu pomwepo, ndipo Derek poona kuti moto ukungowonongeka anatenga kapu yake ya tiyi wozizira n'kundiika pakati pa mapewa mpaka anawira. Ndikunama ine? Mulungu akundiona.

Nditamaliza ndinaikankhira panja ndi mutu, n'kutchinga tayala ndi njerwa, n'kulowamo kuti ndiyese matiresi. Mphaka wa Derek, amene ankadana nane chifukwa ndinamulanda galaja, anabwera n'kusuntha njerwayo. Ndinamuona ndi maso angawa pazenera. Inu mukuwadziwa mapiri a Sheffield. Kalavani inayamba pang'onopang'ono, kenako inalusa, kupitirira basi, kupitirira thiramu, kamera ya pamsewu inang'anima koma inangojambula mphepo, n'kukwera phiri linalo osapuma, n'kutsikanso, n'kulowa mumsewu waukulu wopita kumpoto, malole kutsala m'mbuyo ngati aima, ine chigonere m'kati nditagwira pilo, chifukwa chinthu chopindidwa bwino mphepo siichigwira, imangochiperekeza. Inafika ku Leeds kwanuko, n'kuzungulira pa raundabauti, ndipo ndinaona khonde lanu, a Banda, mutayanika masokosi obowoka, n'kubwerera njira yomweyo popanda dontho la petulo.

Polowanso mumsewu wathu inagunda chitunda chija amaika kuti magalimoto aziyenda pang'ono, ndipo inauluka pamwamba pa machumuni, moti ndili m'mwambamo ndinaona mvula ikugwa ku Manchester. Potera, khu! pakhomo penipeni pa galaja, msana wanga unalira khaa! khaa! khaa! fupa lililonse kubwerera m'malo mwake kuyambira pansi mpaka pakhosi. Ndinatuluka nditawongoka ngati mlongoti. Derek anandifunsa kuti ndikufuna ndani. Inenso sindinamuzindikire mpaka nditayang'ana nsapato zake.

Kalavaniyo sinasweke ngakhale msomali umodzi. Lachisanu lotsatira ndinaimangirira kugalimoto yathu, n'kukawadikira mayi a Tadala pageti pa chipatala. Atatuluka anaizungulira, n'kusisita denga, n'kufunsa kuti, "Abambo, ichi mwapanga ndinu?" Tinapita kunyanja. Titafika anangovula nsapato n'kulowa, ine n'kutsegula zenera kuti azimva mafunde, ndipo anagona tulo timene sindinawaonepo akugona chikwatiranire. Ndinakhala panja kuthamangitsa mbalame za kunyanja kuti zisawadzutse, ina yamwano ndinaigwira ndi dzanja ili m'mwamba n'kuitseka mlomo. Atadzuka Lamlungu nkhope inali itasalala ngati ya mtsikana. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Abambo, ndapuma." Mawu awiri okha basi.

Ndiye munthu wina aime pakati pa anthu, atanyamula mbale ya mpunga, n'kumati Kamwendo anagula? Ayi, zimenezo sindilola. Kalavani ili m'galajamo mpaka lero, pansi pake pali zidindo za zala zanga za kumapazi, ndipo tonse tipita pompano mukaione, mukaigwire, inu a Banda mukapepese pamaso pa anthu. Tiyeni. Dzukani.

Dikirani kaye. Tandigwirani mkono uwu. Osakoka! Pang'onopang'ono, mukufuna kundipha kodi? Ayi, si msana, msana unachira, ndakuuzani kale. Ndi mpandowu, ndi wakuya kwambiri, aliyense akhoza kukanirira. Ndisiyeni kaye pomwepa, pitani nokha, kiyi ali pamsomali. Ndipo podutsa kukhitchini muwauze mayi a Tadala andithirire madzi otentha m'botolo lija lothowera. Ndikungofuna kufunditsa manja.