Zikomo Amene Anandiphetsa Nkhuku

Senderani kuno ndikuuzeni za manyazi anga. Iwe woseka usanamvewe, tseka pakamwa, mungalowe ntchentche.

Nthawi ya thangata ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Tinali obwera, ochokera kwa Apwitikizi, ndipo kanyumba ndi kamunda kanga zinali pamalo a mzungu. Akakuthamangitsa, kolowera kunalibe. Amuna anga anapita ku Halale osabwerako, ndinangotsala ndi mwana kumsana.

Pa esiteti paja zikomo kunalibe. Kapitawo ankangodziwa kutukwana ndi kukankha dengu ndi phazi. Mawu abwino ndinawamvapo kamodzi kokha, tsiku lomwe mzungu anauza nkhalamba ina, a Mukhito, kuti "Thank you, wagwira ntchito." Mawa lake nyumba yawo anaigwetsa.

Ndiye kunabwera kapitawo watsopano, a Jemusi, wophunzira kumishoni. Tsiku lina poweruka anasuzumira m'dengu mwanga, kugwiragwira masamba, n'kunena pamaso pa anthu: "Mayi, zikomo. Mumathyola bwino."

Pomwepo ndinakumbuka a Mukhito. Mnzanga Ferista anandinong'oneza kuti ndilimbe mtima, kenako n'kufunsa ngati mtondo wanga ndiunyamula.

Ndinafika kunyumba ndikulira. Ndinati zanga zisadyedwe ndi mzungu. Chinangwa ndinazula chosakhwima. Mtondo ndinapatsa Ferista, mtsuko ndi mphasa zinapita kwa ena. Nkhuku yanga, imodzi yomweyo, yoikira mazira, ndinaidula khosi, tinaidya ndi anansi ngati pamaliro. Aliyense potuluka ankati zikomo. Atapempha udzu wa padenga ndinati sasulani, ine ndikaufolera kuti?

M'mawa ndinakhala pachitsa, kamtolo pamiyendo, kudikira ogwetsa nyumba. Ndimangoona a Jemusi atulukira. Anayang'ana denga lambee lija n'kufunsa ngati kunawomba chimphepo. Ndinawauza kuti asavutike, ntchito yambiri ndawagwirira kale, angokankha zipupa.

"Mayi, wakuthamangitsani ndani?"

"Si inu munati zikomo?"

"Ee, ndimathokoza basi. Ndimafuna muziphunzitsa atsikana atsopano kathyoledwe!"

Ndinathamangira kwa Ferista kukatenga mtondo. Ndinampeza ataukhalira. Akuti chopatsa sichibwerera, ndipo iye anathokoza kale. Udzu uja unali utakwera madenga a eni. Mvula ya sabata imeneyo inatinyowetsa m'nyumba ngati tili pabwalo, mwana kutsokomola, ine kukazinga chimanga paphale lobwereka.

A Jemusi sanasiye kuthokoza. Anthu anazolowera, madengu anayamba kudzaza popanda wowakankha, ngakhale thangata sanachepe ndi pang'ono pomwe. Ine ndinangodikira. Tsiku lomwe a Jemusi anathokoza Ferista, ndinafika kwawo iye asanafike, mpeni m'manja, n'kufunsa ana ake kuti nkhuku yonona ndi iti.

Ndiye inu oyang'anira anzanu pantchito, muzithokoza pafupipafupi, chifukwa zikomo wosowa amapha nkhuku ndi kusasula denga.