Jakisoni wa Bisiketi

Nkhani iyi ndakhala ndikuikwirira zaka zitatu, koma poti amayi a kwaya anaifalitsa kale kuyambira ku Likhubula mpaka pa Nkando, bola muimve kwa ine mwini thako linabayidwalo. Ndi yamanyazi, ndaneneratu.

Ine ndine Maliko, ndimasamala maluwa kunyumba kwa a manijala pa esiteti ya tiyi. Adona apanyumbapo ali ndi mbira. Eya, mbira yomweyi imene ife timaweta kukhitchini n'kuotcha kukabwera alendo. Yawoyo ili ndi dzina, Bisiketi. Imagona m'nyumba ya waya, imadya gilinipepa tsiku lililonse, pomwe ine wolima ndimangomva fungo.

Koma kudya bwinoko, Bisiketi ndi wodwaladwala. Pakapita miyezi iwiri itatu, wayamba: mkodzo wofiirira, pokodza kulira kuti tswii, kenako kudzikanda mpaka ubweya wakumbuyo kuthothoka n'kutsala nkhanambo. Akachira, mwezi wina zabweranso.

Ndiye adona anapita kwawo ku holide, n'kundisiyira Bisiketi kuti ndikamusunge kwathu.

"A Maliko," anatero akundipatsa kabotolo, "zikayambanso, mutape mkodzo muike umu. Mutenge Bisiketi ndi botolo, mupite kwa dokotala wa ziweto. Same day, please!"

"Madam, no problem," ndinayankha ine, chifuwa patsogolo.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri m'mawa, ndinangomva tswii! Kuyang'ana pa udzu, pofiira. Kumbuyo kwayera ngati mutu wa dazi.

Abale, munayamba mwatapako mkodzo wa mbira? Ndinamuika m'beseni kuseri kwa bafa, ine n'kunjuta pambali, kumuimbira likhweru ngati mwana wakhanda. Maola awiri! Mkazi wanga, amake Chifundo, anali kumunda kukathyola nandolo, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti sanandione.

Botolo m'thumba, Bisiketi m'katoni, katoni pa keriyala ya njinga, ulendo wa ku boma.

Kufika pa ofesi ya ziweto, ndinaona anthu aulemu wawo ali pabenchi. Wina nkhani ya ng'ombe ya mkaka, wina nkhumba. Ndipo pakati pawo, atavala chipewa chawo chofiira chija, alamu anga a Wisikesi, achimwene a mkazi wanga, atabwera ndi nkhani ya mbuzi zawo.

Mundimvetse. Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi, nyumba ndinamanga pamalo awo, ndipo mwini mbumba ndi a Wisikesi omwewo. Munthu ameneyu kuseka kwake kumamveka tsidya la mtsinje. Ndikhale naye benchi limodzi, afunse kuti m'katonimo muli chiyani, ine ndiyankhe kuti ndabwera ndi ndiwo kuchipatala?

Sindinatsike n'komwe panjinga. Ndinangokhota.

Pamenepo m'pomwe nzeru zinandibwerera, nzeru zija zimabwera munthu akamapalasa dzuwa lili pamutu. Ndinati mkodzo ndi mkodzo basi. Ndipite pachipatala cha pulaiveti pa Chitakale, apime, andipatse mapilitsi, ine ndikaswe pang'onopang'ono kolingana ndi msinkhu wa wodwala. Simple!

Katoni ndinaisungitsa kwa wokonza njinga. Ndinalowa, ndinapereka botolo, ndinadikira. Pabenchi pafupi ndi chitseko panali mayi Dorofe a kwaya yathu, amene makutu awo amamva ndi zimene sunanene. Khoma la chipinda cha adokotala ndi kathabwa kopyapyala, pamwamba posafika kudenga.

"Bambo, mkodzo uwu ndi wanu?" anafunsa adokotala.

Ndinayang'ana khoma lija. Kunja mayi Dorofe anatsokomola.

"Wanga," ndinatero.

"Muli magazi umu. Komanso ndi wamatope zedi. Zinayamba liti?"

"Zimabwera n'kupita, adokotala. Pafupifupi chaka tsopano."

"Chaka! Pokodza mumamva kuwawa?"

"Mpaka kulira."

"Kulira misozi?"

"Kulira mokweza."

Ndinaona kuti zikuyenda, ndiye ndinati ndinene zonse kuti mankhwala akhale okwanira. Ine ndikagwira ntchito sindisiya theka.

"Palinso kuyabwa. Kukanda mpaka nkhanambo. Ubweya wonse wakumbuyo unathothoka."

Adokotala anaika cholembera pansi.

"Ubweya wa kumbuyo kuti?"

"Kumbuyo kwenikweniko."

"Tavulani tione."

Apa ndiye ndinati ayi, chikhalidwe chathu sichilola. Anati chikhalidwe chiti, iwonso ndi Alomwe a kwa Mabuka. Ndinati mpingo wathu. Anati mpingo uti. Ndinagwira lamba ndi manja awiri ngati akufuna kundilanda.

Adokotala anapukusa mutu, n'kutsitsa mawu, koma kutsitsa kwa munthu wozolowera kuitana odwala pakhonde.

"Bambo, musachite manyazi, amuna ambiri amabisa chonchi. Zitha kukhala likodzo, koma mmene mukukanira kuvulamu, ine ndikukayikira matenda opatsirana pogonana. Mwayendako kunja posachedwapa?"

"Ine? Never!"

"Onse amatero. Nesi, jakisoni."

Lamba lija ndinakaniza adokotala, nesi anamasula yekha osapempha. Jakisoni wake, abale, ngati sipoko ya njinga! Mwendo unafa mpaka kuchala. Kenako mapilitsi, ndi kakalata.

"Aka mukapatse mayi akunyumba, abwere nawonso alandire mankhwala. Ngati alipo ena apambali, nenani ndilembe kenanso."

Potuluka, mayi Dorofe anandipatsa moni wogwada, wachifundo, uja timapatsa anamfedwa.

"Pepanitu bambo a Chifundo. Ambuye akhudze."

Nditatenga katoni ija, kubwerera ndinachita kukankha njinga, chifukwa chishalo ndi thako zinali zitadana. Pofika kunyumba dzuwa litapendeka, nkhani inali itafika kale pa minibasi. Amake Chifundo anali pakhonde, manja m'chiuno. Anangopisa m'thumba la malaya anga n'kutulutsa kakalata kaja. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma iwo anafika 8, ndipo anawerenga kakalatako kawiri, kachiwiri mokweza.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu tili pabanja, a Maliko! Ndani ameneyo? Wa kumsika uja amakuonjezerani tomato?"

"Amake Chifundo, mkodzowo si wanga, ndi wa Bisiketi."

"Bisiketi! Mpaka mwamupatsa dzina lachikondi?"

Pajatu kunyumba ndinkangoti mbira ya adona, dzinalo ndinkachita nalo manyazi. Ndinaloza katoni, ndinalumbira, ndinatchula malemu amayi anga. Iwo analanda mapilitsi kuti akhale umboni, ndipo kulandako n'kumene kunapulumutsa wodwala, chifukwa dokotala wa ziweto anadzandiuza pambuyo pake kuti mankhwala ena a anthu mbira ikangomwa, maliro. Bulangete langa ndi malaya awiri anazimanga m'chitenje n'kuziika pakhomo. Mkamwini akaona mtolo pakhomo safunsa kuti ndi wa yani.

M'mawa mwake ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. A Wisikesi pampando, chipewa chili pabondo. Kumbali yanga amalume anga ochokera ku Muloza, atabwera pa kabaza, nkhope ili gwa. Anthu odutsa ankayenda pang'onopang'ono ngati njira yatalika.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira beseni mpaka nesi.

"Alamu," anatero a Wisikesi, "ine milandu ya mabanja ndaweruza yambiri. Wina ananamizira mowa, wina satana. Wonamizira mbira ndinu woyamba."

"Ndili ndi mboni," ndinatero.

Ndinatenga beseni loyera, ndinaika Bisiketi pakati pa bwalo. Ndinamupatsa nkhaka kuti madzi achuluke m'thupi. Ndiye tinadikira. Anthu akuluakulu, ena a imvi, maso onse pa thako lothothoka la mbira. Banja langa, nyumba yanga, nthochi zanga ndinadzala ndekha, zonse zili m'chikhodzodzo cha kanyama kosakwana kilo.

Bisiketi anadya nkhaka. Anadzikanda. Anagona.

"Imbani likhweru lija," anatero amalume motsitsa.

Ndinaimba. Bambo wa ana anayi, dikoni wa mpingo, kuimbira mbira likhweru pamaso pa akuchikazi!

Mwadzidzidzi, tswii! M'beseni, pofiira.

A Wisikesi anaweramira, anayang'ana, anayang'ananso ine. Kuseka kwake anagwa nako pampando, chipewa uko, nkhuku zonse kuthawa. Amalume anangophimba kumaso ndi chikhatho.

Amake Chifundo okha sanaseke. Ananyamuka, anamasula mtolo uja, n'kubweza bulangete m'nyumba. Mtima wanga unakhala pansi. Kenako anatuluka, kakalata kaja kali m'manja, ananyamula Bisiketi bwinobwino ngati khanda, n'kundiika zonse ziwiri pamiyendo.

"Adokotala alemba kuti mupite ndi mnzanu amene munapatsana naye matendawa. Nayu. Ine musandivutitse."

Ukamachita manyazi ndi ndiwo, umadzabayidwa m'malo mwa ndiwo.