Dzanja la a Gogoda

A Gogoda ankasunga chinsinsi pakamwa, koma dzanja lawo linali lamiseche. Aliyense amene anawadziwa m'dera lathu lino avomereza zimenezi. Mukawauza nkhani, pakamwa pankakhala ngati mwatseka ndi loko n'kutaya kiyi. Koma dzanja lamanja lija, ayi ndithu, linalibe mwambo.

Anagwira ukondakitala wa basi zaka makumi atatu. Basi ikamayandikira siteji, iwo ankagogoda chitsulo cha pakhomo kawiri, go! go! kuti dalaivala ayambe kuponda buleki. Atapuma pantchito anabweza yunifolomu, anabweza chikwama cha matikiti, koma palibe anakumbukira kuliuza dzanjalo kuti ntchito yatha. Akazi awo ankanena kuti ngakhale kutchalitchi, abusa akatalikitsa ulaliki, pabenchi pankamveka go! go! ndipo abusa ankayamba kufunafuna ameni.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha masewera obisa timabokosi. Dzina lake lenileni ndi jiyokashingi, koma lilime langa limapindika, ndiye ndimangoti chibisalirano cha pafoni. Zimayenda chonchi. Munthu amabisa kabokosi penapake, kaya kuseri kwa chikwangwani kaya pansi pa mlatho, m'kati muli kakope ndi pensulo. Akatero amadina foni ali pomwepo kuti isunge malowo. Wina amatsata muvi wa pafoni yake mpaka kukafika, n'kufufuza ndi maso ndi manja. Akapeza amalemba dzina m'kakope, n'kubwezera bokosi mmene analipezera. Basi. Amuna anga atamva anandifunsa kawiri konse kuti, "Ndiye ukapeza umatengamo chiyani?" Ndinati palibe. Anandigwira pachipumi kuti amve ngati thupi latentha.

Nthawi imeneyo tinali titangosamukira kuno, mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi isanu, ndipo njira zomwe ndinkadziwa zinali ziwiri, ya kumsika ndi ya kusikelo. Miyendo inkanditupa, anamwino anati ndiziyenda. Pakhoma la kusikeloko panali chipepala chonena kuti ofuna kuphunzira masewerawa abwere kulaibulale Loweruka m'mawa, adzapatsidwa munthu wowatsogolera kwaulere. Ndinabereka mwana n'kupita.

Woyendetsa gululo anali mayi wina, mphunzitsi wa kusekondale, wa magalasi okhala kunsonga ya mphuno. Tonse tinkangoti a Mlembi. Otsogolera anali atakhala pamzere, aliyense ndi chipewa chobiriwira chosokerera mabatani ofiira, wina atatu, wina asanu, wina mpaka khumi. Batani lililonse linkaimira wophunzira amene anapeza bokosi yekha pa tsiku la mayeso, womutsogolera ali chilili pambali osamuthandiza. Anzanga onse atagawidwa ndinatsala ine, ndi mkulu wina wa pakona amene chipewa chake chinali mbee, chopanda batani ngakhale limodzi.

A Mlembi anausa moyo. "Mayi, inu mupita ndi a Gogoda. Koma a Gogoda, ndikunena pamaso pa anthu. Ophunzira asanu ndi awiri ndinachita kuwasamutsira kwa anzanu. Awa ndi omaliza. Akalephera chifukwa cha inu, chipewacho mubweze."

"Ine chiyambire sindinanenepo kanthu," anatero mkuluyo.

"Pakamwa panu sitikudandaula napo."

A Gogoda anabwera pomwe ndinaima, anasuzumira mwana kumsana, nati, "Anthu awiri, mpando umodzi. Kwerani, Apasinjala, tizipita." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Apasinjala.

Kuphunzitsa ankatha, pamenepo ndisawalakwire. Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndipo manambala a pafoni aja ankandizunguza mutu. Iwo anati, "Asiyeni manambalawo, ndi a anthu a magalasi. Muviwo ndi dalaivala, inu ndinu basi. Ukakhota, khotani." Anandiphunzitsa kuyamba ndapisa kamtengo m'bowo ndisanapisemo dzanja, chifukwa mavu nawonso amakonda malo abwino. Anandiphunzitsa kupukuta chivindikiro ndi kuchitseka mpaka chilire, kuti kakope kasanyowe. Anandiphunzitsanso kunamizira kumanga nsapato anthu odutsa akamandiyang'ana, ngakhale iwo eni ankavala nsapato zopanda zingwe, moti mayi wina wogulitsa malasha anawafunsapo ngati akupemphera.

Vuto linali lakuti mabokosi onse a m'dera lino ankawadziwa pamene ali. Tsiku loyamba lenilenilo, foni ikuti tatsala pang'ono, tikudutsa pageti la okonza matayala, ndinangomva go! go! Galu wa pamenepo anauwa. Ndinaponya maso kutsogolo, ndipo mwala womwe unabisa bokosi unali ukundiyang'ana.

"Bambo, mwandiuza."

"Ndanena chiyani ine?"

"Mwagogoda."

Anakweza dzanja lija, analiyang'ana ngati mwana wa eni amene waba shuga. "Iwe, kunyumba tinagwirizana zotani?"

Ine ndine munthu wowerenga zinthu, ngakhale zikhomo za zovala ndimadziwa kuti zilipo zingati. Ndinayamba kuwerenga mapazi, ndipo ndinapeza kuti kuchokera pomwe agogoda kukafika pabokosi ankakhala makumi awiri, osachepera, osapitirira. Nditawafunsa anandiyankha modabwa kuti sindikudziwa zimenezi.

"Basi siima ngati njinga, Apasinjala. Ukagogoda uli pasiteji penipeni, munthu ukamutsitsa pakhomo pa apongozi ake."

Tinayesa mankhwala onse. Ndinawauza kuti apise manja m'matumba. Anapisa, koma titafika pa mapazi makumi awiri anaimba mluzu, umene unali belu lawo lachiwiri masiku a basi. Loweruka lotsatira ndinawagulira kachitini ka maswiti kuti pakamwa pazikhala potanganidwa. Manja m'thumba, switi mkamwa, phazi linamenya mgolo wa zinyalala kawiri. Akazi awo anatibwereka nsalu, tinamanga dzanjalo pachifuwa ngati lothyoka. Njira yonse anthu ankawapepesa, iwo n'kumayankha ndi nkhope yachisoni kuti, "Zikomo, ndi matenda akalekale." Tsiku limenelo chigongono chinagunda galimoto yoima pambali pa msewu, galimoto inayamba kulira, mwini wake anatuluka m'sitolo ndi thovu la sopo m'manja, ndipo ine ndinaphunzira kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri amatha kuthamanga.

Tsiku la mayeso ndinabwera ndi nzeru yomwe ndinkaiona ngati yomaliza. Ndinamasula mwana kumsana n'kuwapatsa.

"Mugwireni ndi manja awiri. Mukamugwetsa mukafotokoza nokha kwa bambo ake."

Tinanyamuka, ine patsogolo ndi foni, iwo pakati ndi mwana paphewa, a Mlembi kumbuyo. Tinadutsa msika, tinadutsa chigayo, tinalowa kanjira ka kuseri kwa sukulu. Kunali zii. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenaka kumbuyo kwanga kunamveka pha! pha! pamsana pa mwana, ndipo mwanayo anageya mokweza ngati munthu wamkulu. Miyendo yanga, poti inali itazolowera, inawerenga yokha makumi awiri n'kukaima pachitsa.

A Mlembi anatsitsa magalasi. "A Gogoda, mwagogoda mwana."

"Ndimamutulutsa mpweya, mayi. Funsani make."

"Kawiri?"

"Mpweya wake unali wambiri."

A Mlembi anatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka. Atatembenukanso anatambasula dzanja kuti alandire chipewa. A Gogoda anachivula. Aka kanali koyamba kuona mutu wawo, ndipo sindikudziwa chifukwa chake dazi lija linandimvetsa chisoni chotero. Anthu amene ankakwera basi yawo anali atabalalika, ana awo anali kutali, chomwe chinkawadzutsa Loweruka chinali chipewa chimenechi.

"A Mlembi," ndinatero, "wolephera ndi ine, miyendo ndi yanga. Tipatseni mwezi umodzi."

A Mlembi anabweza dzanja lawo, chipewa n'kubwerera kumutu kwa mwini wake. "Mwezi umodzi. Ndipo mwana adzakhale kumsana kwanu."

Pobwerera a Gogoda anandiuza kuti aganiza zobisa bokosi lawolawo, loyamba chiyambire. Kale ankaopa, poti dera lonse likanadziwa pomwe lili tsiku lomwelo. "Limeneli mudzalipeza nokha, Apasinjala. Dzanjali ndidzalisiya kunyumba."

Analibisadi Lachiwiri, n'kutumiza malo ake kwa a Mlembi. Lachisanu anagwa pakhonde akutsuka nsapato zawo zopanda zingwe zija.

Ndinakawaona kuchipatala kawiri. Chipewa chinali pakabati pambali pa mankhwala. Ulendo wachiwiri mawu anali atachepa, komabe anakwanitsa kundiuza kuti adokotala amalankhula nthawi yaitali kuposa abusa, ndipo bedi lake ndi lachitsulo chabwino, chomveka. Anamwalira Lolemba dzuwa lili pamutu. Pamaliro akazi awo anandikokera pambali.

"Mwana wanga, ukudziwa kuti anagogoda? Ndikuwapukuta kumaso ndinangomva go! go! pachitsulo cha bedi. Ndinati, bambo, mwayambanso? Kenaka ndinazindikira kuti tayandikira siteji. Ndinangokhala pansi n'kuwagwira dzanja lomwelo."

Anaseka, ine ndinaseka, kenaka tonse tinafuna nsalu yopukutira m'maso.

Patapita milungu iwiri a Mlembi anatulutsa bokosi la a Gogoda pafoni kuti aliyense alifune. Akatswiri anathamangirako, patsogolo pali mkulu wa mabatani khumi uja ndi foni yake yaikulu ngati mbale. Muvi unkawafikitsa pakhoma la sitolo ya zitsulo, m'mbali mwa msewu waukulu. Khoma losalala, paipi yamadzi imodzi, ngalande pansi. Anatembenuza mwala uliwonse, anapisa manja m'ngalande, wina anakwera pamapewa pa mnzake kusuzumira padenga, mpaka mwini sitolo anawatulukira ndi tsache. Masabata atatu osapeza kanthu. Wa mabatani khumi anagamula kuti foni yake siphonya, mkuluyo anali atayamba kale kudwala, mwina bokosilo analiiwala m'thumba. A Mlembi anati alifufuta pamndandanda.

Ndinawapempha kuti asanafufute apite nane kamodzi. Ndinawakumbutsa kuti mwezi wanga uja sindinaugwiritse ntchito.

Tinafika pakhomapo Loweruka m'mawa, mwana ali kumsana monga ananenera. Muvi unazungulirazungulira n'kuima. Ndinafufuza monga anandiphunzitsira, kamtengo patsogolo, dzanja pambuyo. Panalibe kanthu. Thukuta linayamba kutsika, mwana akundikoka tsitsi, ndipo ndinazindikira kuti makutu anga akudikira kugogoda komwe sikubwera. Ndinatsamira paipi ija kuti ndipume. Inali yachitsulo, yofika m'chiuno, yoti munthu wodutsa angaigunde osaganiza.

Ndinawaona a Gogoda m'maganizo akubwera Lachiwiri lija, bokosi m'thumba, malo obisapo akuwaona kutsogolo. Nanga foni anaigwira dzanja liti? Lamanja. Dzanja lomwe silinadikirepo kufika pasiteji chibadwire.

Ndinaika foni m'thumba. Ndinatembenukira komwe mabasi amalowera, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Mayi, muvi ukuloza kuno," anatero a Mlembi.

Ine ndinapitiriza kuwerenga, ndinali pa khumi ndi chimodzi. Pa makumi awiri bondo langa linagunda benchi yasimenti ya siteji yakale, pomwe mabasi analeka kuima kalekale. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato. Kunsi kwake kunali mng'alu, ndipo mu mng'alumo munali kachitini ka maswiti kaja.

M'kati munali kakope katsopano, pensulo yosongoka bwino, ndi kapepala kopinda. Patsamba loyamba analembapo ndi zilembo zikuluzikulu za pamatikiti: "Mwafika, Apasinjala. Tsikani bwino. Ine sindinanene kanthu." Nditatambasula kapepala kaja ndinapeza singano, ulusi wofiira ataulowetsa kale.

A Mlembi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale analibe fumbi. "Lamulo likuti wotsogolera asalankhule, asaimbe mluzu, asagogode, asamenye mgolo, galimoto kapena mwana," anatero. "Malamulo onsewa tinawalembera munthu mmodzi. Lero sanaswe ngakhale limodzi." Anapisa m'chikwama n'kundipatsa batani lofiira.

Tinapita nalo kwa akazi awo a Gogoda masana omwewo. Analisokerera pachipewa ndi singano yomweyo, kutsogolo penipeni. A Mlembi anafunsa ngati mwina mkuluyo anachita dala kudina foni asanafike, kuti bokosilo lidzapezedwe ndi wophunzira wake yekha.

"Dala?" anatero mayiwo akuluma ulusi. "Ndakhala nalo dzanja lija zaka makumi anayi. Silinachitepo kanthu mwadala."

Chipewacho chili pamsomali m'chipinda chawo chochezera, ndi batani lake limodzi. M'dera muno Loweruka mumakhala bata losazolowereka. Galu wa okonza matayala amangogona. Ophunzira amapeza mabokosi mwaulemu, mwakachetechete, monga malamulo afunira, ndipo a Mlembi akuti misonkhano yatalika chifukwa palibe woitsitsa. Akazi awo a Gogoda akuti kutchalitchi ulaliki tsopano umafika mpaka ana kugona.

Ine anandipatsa chipewa chobiriwira mwezi watha, ndi wophunzira wanga woyamba, mayi wosoka zovala amene amaopa mavu. Tikamayandikira bokosi dzanja langa limayamba kuyabwa, ndipo ndimalikanikiza m'thumba mpaka apeze yekha. Koma pobwerera, ndikamadutsa pageti la okonza matayala ndili ndi mwana wanga yekha kumsana, ndimalitulutsa n'kulilola.