Nsapato Yomaliza ya a Len

Anthu akandifunsa za chipsera chili m'dzanja langali ndimangoti ndi za kuntchito, koma inu ndikuuzani zonse, museke mukafuna, ine ndinasiya kale kudziikira kumbuyo.

Kwathu ndinali wowotcherera zitsulo ku Mchesi, mageti, mawindo, mbaula, zonsezo zinkadutsa m'manja mwangamu. Kuno kwa azungu ndinabwera pa care visa ngati anzanga ambiri, ndipo mmodzi mwa anthu amene ndinkawasamalira ku West Bromwich anali a Len, madala amene moyo wawo wonse ankasula nsapato za mahatchi, zitsulo zopindika zija amazikhomera kuphazi kwa hatchi. Khansa inali itawadya, madokotala atanena kale kuti summer sayiona. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali imfa ayi. Mdzukulu wawo Katie ankakwatiwa mu summer momwemo, ndipo pabanja pawo mkwatibwi aliyense ankalowa m'tchalitchi atanyamula nsapato ya hatchi yosulidwa ndi a Len, ati imabweretsa mwayi. Amayi ake a Katie ananyamula, azakhali ake ananyamula. Tsopano hamala inali itayamba kuwalemera madalawo.

Ndiye pakamwa pangapa, abale. "Bambo, chitsulo ndi m'bale wanga. Inu muzingolozera, manja akhala anga."

Loweruka lina ndili off ndinawakankha pa wheelchair mpaka ku shedi kuseri kwa nyumba yawo, m'mphepete mwa canal, mtsinje wochita kukumba. Tinayatsa ng'anjo ya gasi. Anandipatsa mbaniro ndi magolovesi, magolovesiwo ndinangowaika pambali, munthu wa ku Mchesi kuvala magolovesi, anzanga atamva angati chiyani? Chitsulo chitafiira ndinayamba kumenya. Koyamba ndinaphonya, hamala inanjanja n'kundidutsa pafupi ndi khutu. Kachiwiri ndinachipinda chinakhala ngati chogwirira ndowa. Nditanena kuti tingodula n'kuwotcherera pakonapo zithe, a Len anandiyang'ana ngati ndatukwana amayi awo.

"Nsapato imasulidwa," anatero. "Siimatidwa."

Tinabwereza, tinabwerezanso, iwo akutsokomola, ine thukuta lili kamukamu. Chitsulocho chitayamba kuoneka ngati nsapato anati ndiwasendezere pafupi. Anagwira hamala ndi manja onse awiri, ine nditagwira choboolera, n'kuboola okha mabowo a misomali, limodzilimodzi, akupumira m'mwamba. Atamaliza hamala inangowapulumuka n'kugwa pansi. Misozi inali italengeza m'maso mwawo. Nsapato ija inali pamenepo, yakuda bii, yokongola, yosaonetsa moto ngakhale pang'ono.

Apa mundimvetse. Ife owotcherera tinazolowera kuti moto umakhala pamene wawotchererapo, mbali inayo umagwira ndi dzanja bwinobwino. Chosula sichitero, chimatentha chonse, ndipo kuda sikutanthauza kuti chazizira. Ndinawamva a Len akuyamba kukuwa, koma dzanja linali litafika kale, ndinkafuna ndiikweze m'mwamba kuti aione bwino ntchito yawo.

Mayo ine! Fungo lake ngati akuwawula mapazi a mbuzi. Mutu sunaganize kanthu, dzanja linaganiza lokha, ndinaiponya. Inatulukira pakhomo la shedi, kudutsa pamwamba pa mpanda, kenako tinangomva kuti chubwi, mu canal.

Ndinathamangira panja. Ndinatenga reki, dzanja lopsalo nditalikulunga ndi thaulo lonyowa, n'kuyamba kuvuula ndi dzanja limodzi. Ndinavuula tayala la njinga, ambulera, mpaka trolley ya m'shopu. Nsapato ayi. A Len ndi amene anandiitana nati, "Zisiye mwana wanga, pita kuchipatala." Mwaiona nkhaniyo? Wodwala khansa kutumiza carer wake kuchipatala. Kumeneko namwino amene anandimanga bala anali mayi wa ku church kwathu, ndiye pofika Lamlungu ngakhale ana a Sunday school ankandipatsa moni akuyang'ana dzanja.

Tinagwirizana kuti tisulanso ina dzanja likapola. Dzanja linapola, koma a Len sanadzukenso pabedi. Anamwalira ukwati usanachitike, ndipo ndinene mosabisa, zimenezo zinandiwawa kuposa moto uja. Mphamvu zawo zomaliza anathera pa nsapato imeneyo, ine n'kukaipatsa nsomba.

Kumaliro ndinaima kumbuyo kwenikweni, manja ali m'thumba. Katie anandipeza komweko. Ndinakonzeka kulandira mawu owawa, ndipo akanandilalatira sindikanayankha. Iye anangoti, "Agogo anandiuza kuti nsapato yanga muli nayo inuyo. Ndiione."

Ndinatambasula dzanja. Inalimo, kupindika kwake konse, ngakhale timabowo ta misomali timene anaboola agogo ake. Analira, kenako anaseka, n'kunditembenuza dzanja kuti nsonga zake ziloze kumwamba, ati ikazondoka mwayi umatayika.

Tsiku la ukwati mkwatibwi anakana kulowa m'tchalitchi mpaka atagwira dzanja langa pakhomo. Ndiye mukadzapita kwa Katie mukayang'ane chithunzi cha banja chili pakhoma. Pakati pa azungu onsewo pali munthu wa ku Mchesi, suti yobwereka, atakweza dzanja ngati akulumbira kukhoti. Ndipo ndinalumbiradi. Chitsulo chilichonse masiku ano, ngakhale supuni ya m'kapu ya tiyi, ndimayamba ndachithira malovu ndisanachigwire.