Nguluwe ya Apongozi Anga

Nkhani iyi kuno ku Chintheche anthu amaikamba atathira mchere wambiri, ndiye ndaona kuti bola ndiikambe ndekha, manyazi anga ndiwasenze ndi mutu wanga womwe. Wofuna kuseka aseke. Ine kudandaula ndinamaliza kale.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Nditapuma, mkazi wanga NyaManda anati tikakhale kwawo kunyanja. Sindinakane, poti kwa ife Achewa ukamwini si nkhani yachilendo. Tinafika ndi mipando, mabuku ndi mfuti zanga zitatu. Pasanathe sabata mudzi wonse unali ukunditcha Asambizi, ndiye kuti Aphunzitsi m'Chitonga.

Mfutizo ndizifotokoze, chifukwa ndi zomwe zinandiika m'mavuto. Zonse ndi za chipolopolo chimodzi. Ukawombera kamodzi, basi, uyenera kuyambiranso kuika china.

Yoyamba ndi gogodela ya malume anga, ija yothira onga kukamwa. Inasiya kulira ine ndisanabadwe, ndipo ndimaitcha Agogo. Yachiwiri ndi ka point two-two komwe ndinagula kwa mzungu wina wa ku esiteti akubwerera kwawo. Kameneko ndi Kamwana. Yachitatu ndi chimfuti cha mpope umodzi chothyola pakati, cholemera ngati musi, chomwe chimalavula timipira ta mtovu todzaza dzanja. Imeneyo ndi Hedimasitala, chifukwa ikayankhula aliyense amakhala chete.

Hedimasitala ali ndi nthenda imodzi. Ukawombera, khoko la chipolopolo limakakamira m'kati, ndipo limatuluka pokhapokha ulitokose ndi sipoko ya njinga. Sipokoyo ndimaisunga kuseri kwa wailesi.

Zonse zili ndi ziphaso, ndipo Loweruka lililonse ndimazipukuta ndi mafuta a makina osokera. Mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwanga ankalandira lecture yaulere.

"Mlenje weniweni safuna chipolopolo chachiwiri," ndinkatero. "One shot, nkhani yatha. Izi zowombera pafupipafupi ndi za anthu osadzikhulupirira."

Chomwe sindinkanena n'chakuti pa moyo wanga wonse ndinali nditapha zitini za mkaka, mapapaya anayi, ndi ndowa ya aneba ku Dedza mwangozi.

Tsopano apongozi anga, mayi ake a NyaManda. Ndi mayi wamfupi, wosachedwa kuyankha, koma pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu anali asanandiyankhulepo mwachindunji. Ulemu wa chipongozi umenewo. Ngakhale nditaima pamaso pawo penipeni, ankayang'ana mwana wawo n'kunena kuti, "Uwafunse amuna ako adzuka bwanji." Ine ndinkayankha kudzera pa msewu womwewo.

Loweruka la sabata imene ndikukambayi kunali mwambo wovundukula chiliza cha apongozi aamuna. Kunkabwera abale ochokera ku Usisya pa boti, ena mpaka ku Joni. Apongozi aakazi anali atakonzekera mwambowo chaka chathunthu, ndipo nkhawa yawo yaikulu inali kondowole, nsima ya chinangwa ija. Mtonga ukamupatsa nsima ya chimanga amadya mwaulemu, n'kusamba m'manja, kenako n'kufunsa kuti chakudya chibwera nthawi yanji.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, anthu ali mbwee pabwalo, apongozi anaima n'kuyang'ana NyaManda.

"Uwauze amuna ako kuti nguluwe yandimalizira vigawu kumunda wa kumtsinje. Kapena mfuti zija n'zokongoletsa khoma ngati kalendala?"

Vigawu ndiye chinangwa. Mawu a kalendala aja anandibaya pamtima, sindinama. Ndinakonza tayi.

"Uwauze Ama kuti asavutike kufuna ndiwo za Loweruka," ndinatero mokweza kuti nawonso akulu a mpingo amve. "Ndiwo asiyire ine."

Alamu anga a Fanuel, amene ndi msodzi, anandikokera pambali.

"Alamu, ndikuperekezeni mawa. Kumtsinje kuja simukudziwako bwino."

"Ulenje si kukoka khoka la chilimira, alamu. Sufuna chigulu."

Madzulo NyaManda anayesanso. "Bambo, kumtsinje kuja Ama ana..."

"Mayi, nkhani za ulenje tisiyireni alenje."

Anatseka pakamwa, n'kupitiriza kusankha nyemba. Mpaka lero ndimalakalaka ndikanamulola kumaliza chiganizo chimenecho.

Lolemba m'mamawa, kunja kukuyamba kuyera, ndinanyamula Hedimasitala. Chipolopolo chimodzi ndinaika m'mfuti. China ndinabisa m'thumba la jekete, chifukwa lecture ndi lecture koma nguluwe ili ndi mano. Sipoko ndinaiiwala kuseri kwa wailesi.

Munda wa apongozi uli m'mbali mwa kamtsinje kotsikira kunyanja. Ndinapeza mitengo ya chinangwa itazulidwa, dothi likadali lachinyezi. M'buku lina ndinawerengapo kuti nguluwe ikakhuta imakagona m'madzi osaya, ndiye ndinadutsa munda mwakachetechete kulunjika kumabango.

Choyamba kundipeza linali fungo. Fungo lowawasa, lolemera, lolowa mpaka kukhosi. Ndinagwedeza mutu ngati katswiri. Fungo la nguluwe limenelo!

Kenako ndinaiona. Pa kadziwe ka pakati pa mabango panali chinthu chakuda, chonenepa, msana wokha uli pamwamba, thupi lonse lili m'madzi. Kumutu kwake kunali timakutu tiwiri tosongoka. Pambali pake madzi ankatulutsa tithovu, phwi, phwi, phwi.

Ikupuma!

Ndinagona chafufumimba kuseri kwa chulu. Nyerere zinayamba kundiyendera m'buluku, koma ndinapirira. Ndinaloza pakati pa makutu. Ndinadikira kuti isunthe, osasuntha. Ndinatsokomola pang'ono, osasuntha. Ndinati m'mtima, yakhuta chinangwa cha apongozi mpaka kuledzera, lero ilipira.

Phuuu!

Hedimasitala anandimenya phewa ngati ndamulakwira. Mbalame zinabalalika dambo lonse. Utsi utachepa ndinaona zoyera zitamwazikira pa mabango, zina zikuyandama pamadzi.

"Ubongo!" ndinakuwa. "One shot!"

Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga kunamveka chiphokoso m'munda. Nditacheuka ndinaona chinguluwe chofiirira, chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, chinangwa chili kukamwa. Chinali chikudya kumbuyo kwanga nthawi yonse imene ndinkalimbana ndi nyerere. Chinandiyang'ana, ine n'kuchiyang'ana.

Ndinathyola mfuti msangamsanga. Khoko linakana kutuluka. Ndinalikoka ndi zikhadabo, ndinaliluma ndi mano, osatheka. Chinguluwe chija chinadutsa pafupi nane osathamanga n'komwe, n'kulowa m'thengo ndi chinangwa chake.

Sindinadandaule kwambiri. Ndinati zinalipo ziwiri, imodzi ndiyokwana mwambo.

Kulira kwa Hedimasitala kunamveka mpaka kumsewu. Posakhalitsa anthu anayamba kufika. Alamu a Fanuel anali patsogolo ndi chimpeni ndi beseni. Kumbuyo kwawo amayi ankaimba nthungululu. NyaManda anabwera akumanga chitenje m'njira, ndipo apongozi anali pambuyo pa onse ndi ndodo yawo.

Anandipeza nditakhala pa chulu, mfuti ili pamaondo, mwendo wina pamwamba pa unzake.

"Mwayuka uli, Asambizi!" anatero mayi wina, kundipatsa moni wa m'mawa m'Chitonga. "Mwaipha?"

"Chipolopolo chimodzi, Ama. Zinalipo ziwiri. Inayo ndaisiya dala kuti mbewu isathe."

Nthungululu zinawonjezeka. A Fanuel anapinda buluku kuti alowe m'madzi.

"Musayandikire kaye!" ndinawaletsa. "Nguluwe yovulala ndi yoopsa kuposa mkango. Tiipatse five minutes."

Tinaipatsa five minutes. Ine ndinagwiritsa ntchito mpatawo kufotokoza za mphepo, za kaimidwe ka phewa ndi za kupuma usanakoke. A Fanuel sankamvetsera. Ankanunkhiza m'mwamba, akuyang'ana padziwe, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, "nguluwe yanuyi bwanji ili ndi chingwe m'khosi?"

"Ndi msampha umene inadula kwinakwake. Zimatero."

"Chingwecho n'chomangirira ku bango."

"Yakodwa pogwa."

"Nanga miyala ili pamsanayo?"

"Zimadzibisa choncho, alamu. Ndi nyama yochenjera kwambiri."

Apa nthungululu zinali zitasiya. A Fanuel analowa m'madzi mpaka m'maondo, n'kuwerama, n'kupukuta matope ndi dzanja pamimba pa nyama yanga.

"Alamu, bwerani muwerenge, poti ndinu aphunzitsi. Nguluwe yanu yalembedwa fifite kg."

Anagwira khutu limodzi n'kukweza. Linali thumba. Kunena zoona anali matumba awiri a feteleza osokedwa pamodzi, odetsedwa ndi matope, ngodya zake zitamangidwa ngati makutu. Pakati panali chibowo choti mutu wa munthu n'kulowa, ndipo chinangwa chofewa ngati phala chinkatuluka pamenepo n'kumapita ndi madzi kunyanja.

"Chiuta wangu!" anakuwa apongozi, ndodo n'kugwa pansi. "Vigawu vangu!"

Ndidziteteze pang'ono, ngakhale sizithandiza. Kondowole ndinali nditamudya zaka zambiri, koma ku Dedza ankafika pa basi ali ufa kale. Kuno ndinkaona amayi akuviika chinangwa m'mitsuko kuseri kwa nyumba. Palibe anandiuzapo kuti chikakhala chambiri, cha mwambo, amachiika m'thumba n'kukachiviika kumtsinje, n'kuchitsendereza ndi miyala mpaka chifewe, ndiponso kuti chikamafewa chimanunkha n'kumatulutsa thovu. Amene ankafuna kundiuza ndinamutseka pakamwa ndekha.

Chinangwa chimenecho chinali chitakhala m'madzi masiku anayi. M'mawa womwewo apongozi amati akachivuule, achiyanike, Lachisanu asinje. Tsopano theka linali litapita kwa nsomba, ndipo theka lotsalalo linali lodzaza timipira ta mtovu. Kukumba china, kusenda, kuviika ndi kuyanika kuti chifike Loweruka, nthawi inali itatha.

Ndinamva manyazi otentha kuyambira kumapazi mpaka m'makutu, ndipo ndinalakalaka nguluwe ija ikanabwerera kudzandinyamula.

Apongozi anatola ndodo yawo. Anayang'ana thumba, anayang'ana mfuti, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Uwauze amuna ako kuti tinawatuma ndiwo. Iwo apha nsima."

NyaManda anatembenukira kwa ine nkhope ili gwa.

"Akuti anakutumani ndiwo..."

"Ndamva, mayi!"

Mayi wina anayamba kuseka atatseka pakamwa ndi chitenje. A Fanuel anakhala pansi m'madzi momwemo, beseni lili pamutu, akulira ndi phwete.

Sabata imeneyo ndinayenda khomo ndi khomo kupempha ufa wa kondowole. Ndinapeza wongokwana abusa ndi akulu atatu. Paliponse ndinkapatsidwa mpando kaye kuti ndifotokoze bwino za miyala ya pamsana.

Loweruka alendo anadya nsima ya mgaiwa, nyemba ndi usipa. A ku Joni anati akhala zaka zitatu akulota kondowole wa kwawo. A ku Usisya anadya mwaulemu, n'kusamba m'manja, ndipo mkulu wina anafunsa kuti chakudya chibwera nthawi yanji. Wina anamunong'oneza, n'kundiloza. Mkuluyo anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri, akuti sanaonepo munthu wolimba mtima chotere.

Apongozi sanaseke tsiku lonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kwa ena onse. Mwambo wa amuna awo unali utaperewera chifukwa cha pakamwa panga.

Mapemphero atatha, anthu asanabalalike, ndinawaona akubwera molunjika pamene ndinakhala, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna NyaManda kuti adzaime pakati, koma anali kutali akutsuka mbale. Apongozi anaima patsogolo panga, n'kundiyang'ana m'maso.

"Asambizi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo aka kanali koyamba! Ndinagwada pansi.

"Ama."

Anamasula nsalu ija. Munali thumba lija, lochapidwa bwino, lopindidwa mwaulemu, chibowo chili pamwamba.

"Mlenje sataya chikopa cha nyama yake yoyamba. Landirani, mukapachike pamodzi ndi mfuti."

Chikopacho chili pakhoma mpaka lero, pansi pa Hedimasitala, ndipo NyaManda salola kuti ndichichotse.

Ukakhala mlendo, usanakoke mfuti yamba wafunsa eni mudzi ngati chimene chikupumacho si chakudya chawo.